Kupanga Nyambo Zofewa za Pulasitiki Pakhomo: Chikombole Chiti, Pulasitiki Wanji?

Nyambo zofewa za pulasitiki, zija zimaoneka ngati nyongolotsi, kansomba, nkhanu kapena mphutsi yamchira wopotana, zinayambira pakhomo, ndipo mpaka lero munthu wamba angathe kuzipanga yekha. Mu 1949 Nick Creme ndi mkazi wake Cosma, a mumzinda wa Akron ku Ohio m'dziko la America, anaphika pulasitiki kunyumba kwawo n'kumuthira m'chikombole chimene anachiumba potengera nyongolotsi yeniyeni. Kuyambira pamenepo maonekedwe a nyambo achuluka kwambiri, koma ntchito yake ikadali yomweyo: kutenthetsa pulasitiki wamadzimadzi wotchedwa plastisol mpaka atapsa, kumuthira mtundu, kumutsanulira m'chikombole, ndi kudikira kuti azizire.

Munthu wofuna kuyamba ntchitoyi amakhala ndi zosankha ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza ngati chinthu chimodzi. Choyamba ndi chikombole pamodzi ndi kathiridwe kake, ndipo chachiwiri ndi chinthu chothiracho, kaya ndi plastisol watsopano, nyambo zakale zosungunulanso, kapena china chosakhala pulasitiki. Ogulitsa zida amakonda kutamanda kusalala kwa nyambo yotuluka m'chikombole chodula, koma nsomba imagwira nyambo chifukwa cha kayendedwe kake m'madzi, kukula kwake ndi kufewa kwake. Funso lothandiza ndi lakuti mudzafuna nyambo zingati za maonekedwe amodzimodzi, ndiponso ngati maonekedwewo mwakhazikika nawo kale kapena mukadali kufufuza.

Miyeso yoyerekezera

Mtengo wa njira iliyonse suthera pa ndalama zogulira zida tsiku loyamba. Chikombole chimodzi chimatulutsa nyambo ya maonekedwe amodzi ndi msinkhu umodzi basi, choncho amene amawedza ndi mitundu isanu ya nyambo ayenera kuchulukitsa mtengowo kasanu. M'pofunikanso kuwerengera zikombole zimene zidzalephereke pophunzira, ndi nthawi yodikira kuti nyambo zizizire.

Kupezeka kukutanthauza ngati zipangizozo zimagulitsidwa m'masitolo wamba a zomangira ndi zaluso, kapena n'zoitanitsa kwa ogulitsa apadera. Chinthu choitanitsa kamodzi, monga chikombole chachitsulo, si vuto lalikulu. Chimene chimatopetsa ndi chinthu chimene chimatha n'kufunika kuitanitsidwa mobwerezabwereza.

Kasamalidwe ndi kutalika kwa moyo wa chidacho pamodzi ndi zimene chimafuna kuti chikhalitse. Zoopsa nazo zili patatu: kuvulala kwa wopangayo, kuwonongeka kwa nyambo zimene akupanga, ndi zimene nyambo yotayika imakachita m'madzi.

Pali muyeso wina umene umadula nkhani mwachangu kuposa yonseyi, ndiwo maonekedwe a nyambo. Chikombole chotseguka pamwamba chimatulutsa nyambo yamsana wophwatalala, chifukwa pulasitiki amayalana pamwamba pake. Nyambo yobulungira mbali zonse, kapena yokhala ndi timiyendo ndi mchira wopyapyala kwambiri, imafuna chikombole cha mbali ziwiri, ndipo kawirikawiri imafunanso kuti pulasitiki akankhidwe ndi mphamvu kuti afike m'timipata tonse asanaume.

Zimene simungazizembe: moto ndi utsi

Kupatula njira yomaliza m'nkhani ino, njira zonse zimadutsa pa pulasitiki wotentha. Plastisol ndi ufa wa pulasitiki wotchedwa PVC wosakanizidwa ndi mafuta ofewetsa. Asanaphikidwe amakhala woyera ngati mkaka, akayamba kutentha amachindikala mpaka kuvuta kutakasa, kenaka pa madigiri a Celsius pafupifupi 177 amasungunukanso n'kukhala woonekera mkati. Akapanda kufika pamenepo nyambo imatuluka yomatamata ndi yosachedwa kung'ambika. Akapitirira kwambiri, cha m'ma 200, amasanduka wachikasu kenaka wakuda, ndipo amatulutsa utsi wokhala ndi mpweya wa hydrogen chloride, umene umawotcha maso, mphuno ndi mapapo. Mpata wapakati pa kupsa ndi kupserera ndi wochepa, n'chifukwa chake choyezera kutentha sichiyenera kusowa, ngakhale kwa munthu amene akufuna kuwononga ndalama zochepa.

Ambiri amatenthetsa plastisol mu microwave, m'kapu yagalasi yopirira moto monga ya Pyrex, pang'onopang'ono, akumatulutsa n'kutakasa ndi chitsulo chouma pakapita masekondi angapo. Microwave imeneyo isadzagwirenso ntchito ya kukhitchini. Ena amagwiritsa ntchito mbaula yamagetsi ndi poto, koma pamenepo pulasitiki wapansi amapserera msanga munthu akangosiya kutakasa. Dontho limodzi la madzi likagwera mu pulasitiki wotentha chonchi limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza pulasitikiyo mbali zonse, ndipo akagwera pakhungu amakakamira n'kupitiriza kuwotcha. Pamafunika magolovesi achikopa, malaya a manja aatali, nsapato zotseka, magalasi oteteza maso, chovala kumphuno chokhala ndi zosefera nthunzi za mankhwala, ndi malo opita mphepo kumene ana ndi ziweto safikako. Wopsa aziike pamadzi ozizira oyenda kwa mphindi pafupifupi 20, asakanganule pulasitiki wokakamira pabala, ndipo apite kuchipatala ngati balalo ndi lalikulu. Amene alibe malo otere ndi zovala zimenezi asavutike n'kusankha chikombole, chifukwa ntchitoyi sanaikonzekere.

Njira yoyamba: chikombole cha pulasitala

Uyu ndi plaster of Paris, ufa woyera umene umauma ukasakanizidwa ndi madzi. Mumamata nyambo yachitsanzo pansi m'kati mwa kabokosi, msana wake wophwatalala uli pansi, n'kuthira pulasitalayo pamwamba pake. Akauma mumatembenuza, n'kuchotsa chitsanzocho, ndipo dzenje limene chasiya ndilo chikombole chanu.

Mtengo: Palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi, ndipo phindu lake lenileni lili pomwepa. Chikombole chikalakwika mumachitaya osadandaula n'kuumba china, choncho mungathe kuyesa mchira wautali, wamfupi ndi wotambalala mpaka mutapeza umene ukugwedezeka bwino m'madzi.

Kupezeka: Ufawu umagulitsidwa m'masitolo a zomangira ndi a zaluso pafupifupi kulikonse. Zofunika zina ndi guluu wa matabwa kapena epoxy (guluu wa zigawo ziwiri zosakaniza), burashi yaing'ono ndi kabokosi.

Kasamalidwe: Apa ndi pamene njirayi imabwezera mtengo wake wotsikawo. Pulasitala amalimba pasanathe ola limodzi, koma m'kati mwake mumakhala madzi kwa masiku angapo, ndipo ayenera kuuma kotheratu, padzuwa kapena pamoto wochepa kwambiri, chifukwa moto wambiri umamufumbutsa. Akauma amakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye dzenjelo liyenera kupakidwa guluu wosungunula ndi madzi kangapo, kapena epoxy wopyapyala, apo ayi nyambo imatuluka yothimbirira ndi yodzaza timatuza ta mpweya. Kupakako kumafuna dzanja lopepuka: guluu akachuluka amakwirira mizere ya mamba ndi nthiti za nyongolotsi, n'kusiya dzenje losalala lopanda maonekedwe. M'kupita kwa nthawi utotowo umasuluka ndi kutentha n'kufunika kubwereza, ndipo chikombole chikagwa pansi nkhani yake yatha.

Zoopsa: Choopsa chachikulu ndi chinyezi chobisika. Chikombole chooneka chouma kunja chingathe kukhala chonyowa m'kati, ndipo pulasitiki wotentha akachikhudza amawira n'kuthovoka. Chikombole chimene chagona m'malo achinyezi chiyenera kuumitsidwanso chisanagwire ntchito. Pulasitala sapindika, choncho chitsanzo cholimba chokhala ndi mbali zolowa m'kati chimakanirira m'menemo, ndipo potulutsa mumabenthula milomo ya dzenje. Wotsala musamuthire m'sinki, chifukwa amakauma m'mipaipi.

Njira yachiwiri: chikombole cha silikoni

Silikoni woumbira zikombole amabwera m'zigawo ziwiri zosakaniza, ndipo amauma yekha popanda moto. Kaumbidwe kake n'kofanana ndi ka pulasitala, koma chotuluka chake ndi chikombole chopindika.

Mtengo: Ndi wodula kwambiri poyerekeza ndi pulasitala, moti kulakwitsa kumapweteka m'thumba. Komabe safuna guluu kapena epoxy, ndipo kabokosi kakakhala kothina bwino mozungulira chitsanzo, paketi imodzi imatulutsa zikombole zingapo. Alipo amene amagwiritsa ntchito silikoni wa m'chubu wotsekera mipata ya mawindo, akumufinyira m'madzi a sopo kuti aumbike ndi manja. Njira imeneyi imatheka ndithu, koma chikombole chake chimanyala pouma ndipo sichitenga mizere yaing'ono bwino.

Kupezeka: Wa m'chubu ali paliponse. Wa zigawo ziwiri amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za ziboliboli ndi zaluso, kapena pa intaneti, ndipo sakhalitsa akatsegulidwa, choncho si wogula wambiri n'kusunga.

Kasamalidwe: Pali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukudziwa musanagule. Woumitsidwa ndi mankhwala okhala ndi chitsulo cha tin ndi wotsikirapo mtengo ndiponso sasankha chitsanzo, koma amanyala pang'ono ndipo pakapita zaka amauma gwa n'kuyamba kung'ambika. Woumitsidwa ndi mankhwala okhala ndi chitsulo cha platinum amakhalitsa ndipo sanyala kwenikweni, koma ndi wokana zambiri: akakhudzana ndi dongo loumbira lokhala ndi sulfur, magolovesi a latex, silikoni wa tin, utomoni wina wa makina osindikiza zinthu a 3D, ngakhalenso nyambo zina za pulasitiki, amakana kuuma pamalo okhudzanawo. Mumatsegula kabokosi tsiku lotsatira n'kupeza kunja kwalimba bwinobwino, koma m'dzenje momwe munali chitsanzo muli nsima ya ulimbo yosagwira ntchito. Kuyesa kadontho pa chitsanzo musanathire zonse kumapulumutsa paketi yathunthu. Chikombole chikagwira ntchito nthawi yaitali chimamwa mafuta a plastisol, kuwala kwa dzenje kumachepa, ndipo milomo yopyapyala imayamba kuthetheka.

Zoopsa: Silikoni alibe vuto la chinyezi ngati pulasitala, ndipo sasweka. Vuto lake ndi lakuti amasunga kutentha. Nyambo imachedwa kuzizira, ndipo mukathira maulendo angapo motsatizana chikombole chimatentha moti kudikira kumatalika ulendo uliwonse. Wopupuluma amatulutsa nyambo isanalimbe m'kati, imapindika, ndipo nyambo yopindika imazungulira m'madzi n'kupota chingwe. Pa zikombole za mbali ziwiri, kufewa komweko kumakhala chilema: mukapana kwambiri dzenje limaphwanyika, mukapana pang'ono pulasitiki amatulukira m'mbali.

Njira yachitatu: chikombole cha aluminiyamu ndi injector

Izi ndi mbale ziwiri za aluminiyamu zokhala ndi maenje oyang'anana, zimene zimapanidwa pamodzi, ndipo pulasitiki amalowetsedwa ndi injector, chida chachitsulo chogwira ntchito ngati jekeseni wamkulu. Ndi njira imeneyi imene imatulutsa nyambo zofanana ndi za m'sitolo: zobulungira, za timiyendo tambiri, kapena za mchira wopotana wopyapyala umene kampani ya Mister Twister inautchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Mtengo: Ndi yodula kuposa zonse, ndipo kudula kwake kumabwerezedwa pa maonekedwe aliwonse atsopano. Zikombole zosemedwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta (CNC) ndizo zodula kwambiri ndipo zimatulutsa nyambo zonyezimira. Zoumbidwa ndi aluminiyamu wosungunula ndi zotsikirapo, koma nyambo zake zimatuluka zothimbirira pang'ono. M'kuona kwanga kusiyana kumeneku kumakhudza wogula nyambo kuposa nsomba. Pamwamba pake muyenera kugula injector ndi zopanira, ndipo wofuna nyambo za mitundu iwiri yoyalana, msana wakuda ndi mimba yoyera, amafunika injector ziwiri zolumikizidwa. Ndalama zimenezi zimabwerera pokhapokha ngati chikombole chimodzimodzicho chidzatulutsa nyambo mazanamazana.

Kupezeka: Zimapezeka kwa opanga apadera okha, makamaka poitanitsa, ndipo mumasankha pa maonekedwe amene iwo anakonza. Kusemetsa chikombole cha maganizo anuanu n'kotheka, koma mtengo wake umakwera kwambiri chifukwa mumalipiranso ntchito yojambula pa kompyuta.

Kasamalidwe: Pamenepa palibe chofanana nacho. Aluminiyamu sasweka, samwa mafuta ndipo safuna kupakidwa kanthu. Chofunika ndi kusapala maenje ndi mpeni kapena chitsulo cholimba, ndi kusagwetsa mbale, chifukwa nkhope zake zikangobenthuka sizigwirananso ndipo nyambo iliyonse imatuluka ndi kachipepala m'mbali. Timizere totulutsira mpweya tizikhala toyera. Injector imafuna kuimasula n'kuchotsa pulasitiki wouma, ndiponso kusintha mphira zake zotsekera zikatha. Aluminiyamu amachotsa kutentha mofulumira kwambiri kuposa silikoni, choncho nyambo zing'onozing'ono zimalimba m'mphindi zochepa. Liwiro lomwelo limabweretsa zovuta ziwiri zodziwika. Chikombole chikakhala chozizira, pulasitiki amauma asanafike kunsonga ya mchira, moti maulendo oyamba amakhala ongotenthetsera chikombole. Ndiponso pulasitiki amanyala akamazizira, choncho mukachotsa injector msanga osawonjezera pulasitiki pakamwa pa chikombole, nyambo imatuluka ndi chibowo kumutu kapena yobonyoka m'nthiti.

Zoopsa: Iyi ndiyo njira yoopsa kwambiri pathupi, chifukwa pulasitiki wa madigiri oposa 150 akukankhidwa ndi dzanja lanu pafupi ndi nkhope yanu. Zopanira zikamasuka, kapena mlomo wa injector ukatsekeka ndi pulasitiki wouma inu n'kukankha mwamphamvu, pulasitiki amathamanga kulikonse kumene wapeza mpata. Kukankha kuzikhala kofatsa ndi kosadukiza, ndipo injector ikakana kuyenda muyenera kusiya, osailimbira. Thupi la injector nalo limatentha moti siligwirika popanda magolovesi ochindikala.

Njira yachinayi: mwala wopanga ndi makina a 3D

Mtengo: Zikombole zosemedwa pa mwala wopanga, umene ndi utomoni wosakaniza ndi ufa wa miyala, zili pakati pa silikoni ndi aluminiyamu. Kwa amene ali kale ndi makina osindikiza zinthu a 3D, kusindikiza chitsanzo cha nyambo kumadya ndalama zochepa kwambiri.

Kupezeka: Za mwala ndi zoitanitsa ngati za aluminiyamu. Makina a 3D afala, ndipo alipo amene amasindikizira anzawo pamalipiro.

Kasamalidwe: Za mwala zimafuna kupakidwa mafuta pang'ono kuti nyambo isakakamire, zimachedwa kuzizira, ndipo zimabenthuka zikagwa kapena zikapanidwa mopitirira.

Zoopsa: Msampha uli pa kusindikiza chikombole chenichenicho. Mwa mapulasitiki osindikizira pa makinawa, wa PLA amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, PETG cha pa 80, ndipo ABS cha pa 105, pamene plastisol amathiridwa atapitirira 150. Chikombole chotere chimapindika msanga, ndipo chikakhala cha injector chingathe kutseguka pulasitiki ali m'kati. Ntchito yabwino ya makinawa ndi kusindikiza chitsanzo, kuchisalaza, n'kuchiumbira chikombole cha silikoni kapena pulasitala.

Njira yachisanu: plastisol watsopano

Mtengo: Kugula wambiri kumatsitsa mtengo wa nyambo iliyonse, koma utoto, zonyezimira ndi fungo zimawonjezera ndalama mwakachetechete. Zonyezimira ziyenera kukhala zopirira moto. Zokongoletsera wamba zimasungunuka n'kuipitsa mtundu wonse.

Kupezeka: Amagulitsidwa ndi ogulitsa apadera, m'magulu a wofewa, wapakati ndi wolimba, ndipo popeza ndi wamadzi wolemera, kutumiza kwake kumadula. Inki yosindikizira malaya imatchedwanso plastisol, koma si yopangira nyambo.

Kasamalidwe: Akakhala nthawi ufa wa PVC umadikha pansi pa chigubu n'kulimba, choncho ayenera kutakasidwa mpaka pansi ulendo uliwonse; wothira wapamwamba yekha amapeza nyambo zamafuta zosalimba. Chigubu chizikhala chotseka, pouma. Nyambo zikatuluka zigonekedwe mowongoka kapena zipachikidwe kwa tsiku limodzi zisanaikidwe m'matumba. Mchere wosalala wothira mu plastisol umalemeretsa nyambo kuti imire yokha, monga nyambo yotchedwa Senko ya Gary Yamamoto, koma umaichititsanso kung'ambika msanga pa mbedza.

Zoopsa: Kuwonjezera pa moto ndi utsi, funsani za mafuta ofewetsa. Ena mwa mafuta otchedwa phthalates amasokoneza mahomoni, ndipo kuyambira mu July 2020 malamulo a European Union salola anayi mwa iwo, kuphatikizapo DEHP, kufika pa 0.1 peresenti m'katundu wambiri wogulitsidwa kwa anthu. Plastisol wopanda phthalates alipo ndipo ndiye woyenera kusankha. Ngakhale ameneyo saola m'madzi: nsomba zimameza nyambo zotayika, ndipo zina zimafufuma m'mimba mwake. Nkhawa imeneyi inafika mpaka kunyumba ya malamulo ya Maine ku America mu 2013, kumene anakambirana zoletsa nyambo zofewa, ngakhale kuti chiletsocho sichinakhazikitsidwe.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kusungunulanso nyambo zakale

Mtengo: Pulasitiki wake ndi waulere, chifukwa ndi nyambo zong'ambika zimene zikanatayidwa. Chogula ndi kabotolo ka mankhwala oteteza pulasitiki kuti asapserere, kapena plastisol watsopano pang'ono wosakanizira.

Kupezeka: Kumadalira kuchuluka kwa nyambo zimene inu ndi anzanu mumang'amba. Wowedza kawirikawiri sasowa, koma wongoyamba kumene alibe poyambira.

Kasamalidwe: Ntchito yaikulu ili pa kusankhula. Nyambo zitsukidwe, ziume kotheratu, zichotsedwe tizitsulo tonse, zidulidwe tizidutswa, ndipo zipatulidwe potengera mitundu. Mukaponya zonse m'kapu imodzi mudzapeza mtundu umodzi wokha, wofiirira wakuda, umene mwamwayi nsomba zambiri siziukana. Pulasitiki wakale anapsa kale, ndiye safunika kufika pa 177. Akangosungunuka n'kuyenda bwino wakwana, ndipo ulendo uliwonse wobwereza amaderako n'kulimbirako. Mchere wa m'nyambo zakale umadikha pansi, choncho kutakasa kusalekeke mpaka pothira.

Zoopsa: Simudziwa zimene zili m'kati mwa nyambo za makampani osiyanasiyana, ndipo zakalekale zingathe kukhala ndi phthalates. Fungo lothiridwamo limatulutsa utsi wochuluka, ndipo mchere umakoka chinyezi chimene chimawiritsa pulasitiki. Chofunika kwambiri ndi kupatula nyambo zosakhala za PVC. Zotanuka kwambiri monga ElaZtech za kampani ya Z-Man ndi za pulasitiki wamtundu wina, ndipo zimasungunukirana ndi za PVC ngakhale zitangogona m'bokosi limodzi. Za Berkley Gulp zili ndi madzi m'kati mwake, ndiye siziyenera kuyandikira pulasitiki wotentha.

Njira yachisanu ndi chiwiri: gelatin (ufa wopangira jeli) wosakaniza ndi glycerine, m'malo mwa pulasitiki

Mtengo: Ndi wotsika, ndipo zida zotetezera zodula zija sizifunika.

Kupezeka: Zonse ziwiri n'zosavuta kupeza, ndipo zimathiridwa bwino m'zikombole za silikoni.

Kasamalidwe: Nyambo zake sizikhalitsa. Zimafuna kusungidwa pozizira m'thumba lotseka, apo ayi zimauma kapena kuchita nkhungu.

Zoopsa: Pathupi n'zochepa, chifukwa zimasungunuka pamoto wochepa, ndipo nyambo ikatayika imaola. Chilema chake n'chakuti gelatin amasungunuka pa madigiri pafupifupi 35 ndipo amamwa madzi, motero m'madzi ofunda nyambo imafewa n'kupulumuka pa mbedza mutangoponya maulendo ochepa.

Njira iti kwa yani

Amene sanapangepo nyambo ndipo akufuna kuona ngati ntchitoyi ingamukomere ayambe ndi pulasitala ndi nyambo zakale zosungunula, ndipo ndalama zake aike pa choyezera kutentha ndi zodzitetezera, zimene zidzagwirabe ntchito ngakhale atasintha njira. Amene ali ndi maganizo a nyambo yakeyake ayese maonekedwewo pa pulasitala mpaka atakhutira ndi kayendedwe kake m'madzi, kenaka aumbe cha silikoni. Akakhala ndi makina a 3D, chitsanzo chichokere kumeneko. Nyambo zikuluzikulu zooneka ngati nsomba, zothiridwa mitundu ingapo mosanjikiza ndi dzanja, zimayenerana ndi silikoni kapena chikombole chotseguka cha aluminiyamu, chifukwa wothira amaona zimene akuchita ndipo injector siifunika.

Wowedza amene amagwiritsa ntchito nyambo zambiri za mtundu umodzi, makamaka zobulungira kapena za timiyendo, ndiye woyenera aluminiyamu ndi injector, ndipo agule chikombole chimodzi cha nyambo imene amaidalira kale, osati zisanu za maonekedwe amene angomusangalatsa pa chithunzi. Wofuna maonekedwe ambiri a injector koma nyambo zochepa pa alionse angapeze mpumulo pa zikombole za mwala. Wofuna kugulitsa alibe kuchitira mwina koma aluminiyamu ndi plastisol watsopano wopanda phthalates, chifukwa ogula amafuna kuti paketi ya lero ifanane ndi ya mwezi watha, ndipo ayenera kusamala kuti kukopera nyambo ya kampani ina n'kumagulitsa kungamugwetse m'milandu ya umwini wa luso. Wowedza m'madzi amchere kapena nsomba zamano asankhe plastisol wolimba, ndipo mchere wothira m'nyambo auchepetse. Amene amakhala m'nyumba yopanda malo opita mphepo, kapena akufuna kupanga nyambo pamodzi ndi ana, asiye plastisol n'kutenga gelatin ndi chikombole cha silikoni, azipanga zochepa zokwanira ulendo umodzi, ndipo azinyamule m'chotengera chozizira mpaka pofika pamadzi.